Nkhope Yatsopano ya Kachitsulo

Aliyense ankamutchula kuti Phwiti. Anali mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Anali wamng'ono thupi, ndipo ankayenda modumphadumpha. Phwiti anali ndi khumbo limodzi lokha. Ankafuna kujambula Kachitsulo bwinobwino.

Kachitsulo anali loboti wa m'buku. Mutu wake unali ketulo. Maso ake anali mabatani awiri. M'malo mwa miyendo anali ndi tayala limodzi. Ntchito yake inali kuperekeza kwawo tiana ta nyama tosochera. Phwiti ankamukonda kwambiri. Ana onse ankamukonda kwambiri.

Ku laibulale kunali khoma la zithunzi. Ana ankajambula Kachitsulo n'kumata pakhomapo. Panali Kachitsulo akuthamanga. Panali Kachitsulo atanyamula kamwana ka bakha. Panali Kachitsulo akuyasamula. Koma chithunzi cha Phwiti panalibe.

Si kuti sankayesa, ayi. Ankayesa tsiku ndi tsiku. Mutu unkatuluka ngati dzungu. Tayala linkatuluka ngati dzira. Phwiti ankakwinya pepala n'kuliponya uko. Dengu la zinyalala ndilo linkakhuta zithunzi zake.

Buku la Kachitsulo linali limodzi lokha. Ana ankabwereka mosinthanasinthana. Anti a ku laibulale ankalemba mayina awo pamndandanda. Anti anali okoma mtima, koma anali ndi lamulo. Wowononga buku amasiya khadi lake patebulo. Wopanda khadi sabwereka buku.

Lolemba lina nthawi ya Phwiti inakwana. Analandira bukulo ndi manja awiri. Wotsatira pamndandanda anali Masaya, mnzake wapamtima. Masaya anali atadikira milungu iwiri yathunthu.

"Ulisamale, Phwiti," anatero Masaya. "Lachinayi ndi langa."

Phwiti anagwedeza mutu. Analifungatira bukulo mpaka kunyumba.

Atafika, anakhala patebulo la pafupi ndi windo. Anatsegula tsamba limene ankalikonda. Pamenepo Kachitsulo ankamwetulira, mutu atapendeketsa. Phwiti anamuyang'ana. Anamuyang'ananso. Kenako nzeru ina inamubwerera.

Anatenga pepala lopyapyala. Analiika pamwamba pa tsambalo. Nkhope ya Kachitsulo inkaonekera pansi pake. Phwiti anasangalala. Ntchito inali yongotsatira mizere basi.

Koma pensulo yake inali yobuntha. Mizere sinkaoneka bwino. Phwiti anakatenga bolopeni ya Amayi pashelefu. Anatsatira diso loyamba. Anakanikiza. Anatsatira diso lachiwiri. Anakanikizanso. Atafika pakamwa, anakanikiza ndi mphamvu zake zonse.

Khwee!

Bolopeni inaboola pepala. Inaboolanso tsamba la buku. Inki inadontha pamphuno ya Kachitsulo.

Phwiti anatenga labala. Anafufuta, anafufuta. Inki inangofalikira. Ananyowetsa chala ndi malovu. Anatikita pang'ono. Pepala linafewa n'kuyamba kunyenyeka. Pamene panali nkhope panatsala bowo. Pabowopo Phwiti ankaona thabwa la tebulo.

Madzi akatayika saoleka.

Phwiti anabisa bukulo pansi pa matiresi. Tsiku limenelo sanadumphedumphe. Chakudya anangochilawa. Amayi anamugwira pachipumi n'kufunsa ngati akudwala. Phwiti anayankha kuti ayi. Koma mumtima munkamupweteka. Ankaganiza za khadi lake. Ankaganizanso za Masaya.

Lachiwiri kusukulu Masaya anamuthamangira. Anakweza zala ziwiri m'mwamba.

"Kwatsala masiku awiri," anatero akuseka.

Phwiti anayesa kuseka naye. Koma analephera.

Ataweruka, anapita kuseri kwa nyumba. Kumeneko Adadi anali ndi shedi yawo. Adadi ankalemba zikwangwani za masitolo. M'shedimo munkanunkha penti. Munali maburashi, zitini ndi matabwa. Phwiti anaima pakhomo. Bukulo anali atalibisa kumbuyo.

Adadi anamuyang'ana. Anapukuta manja pakasanza.

"Lero kambalame kanga sikakulira," anatero. "Kwagwanji, mwanangu?"

Misozi inalengeza m'maso mwa Phwiti. Anatulutsa bukulo. Anatsegula tsamba lija. Anafotokoza za pepala lopyapyala. Anafotokoza za bolopeni. Anafotokoza za labala ndi malovu. Sanabise kanthu.

Adadi sanakalipe. Ananyamula bukulo n'kusuzumira pabowopo ndi diso limodzi. Anati bowolo ndi lalikulu ndithu. Anati bukulo lili ndi eni ake, ndipo eni ake ayenera kumva. Wokawauza anali Phwiti yemweyo.

"Andilanda khadi, Adadi," anatero Phwiti.

"Mwina akulanda," anayankha Adadi. "Sindingakunamize. Koma usapite chimanjamanja. Bwera kuno uone."

Pabenchi panali thabwa lakuda. Adadi anatenga choko, osati burashi. Anajambula bwalo mopepuka kwambiri. Linkangooneka pang'ono. Anabwerera m'mbuyo masitepe atatu. Anayang'ana. Anafufuta mbali imodzi ndi chala n'kukonza. Anabwereranso m'mbuyo. Anayang'ananso.

Phwiti anadabwa. Sankadziwa kuti nawonso Adadi amafufuta. Ankayesa kuti zilembo zawo zimangotuluka zowongoka.

Adadi anaseka. Anati amafufuta kakhumi penti isanakhudze thabwa. Anati dzanja liyambe mopepuka, kukanikiza kubwere pomaliza.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero.

"Koma nkhope yake palibe," anadandaula Phwiti. "Nditsatira chiyani?"

Adadi anamuuza kuti atsinzine. Phwiti anatsinzina. Anamufunsa kuti maso a Kachitsulo ndi otani.

"Lakumanzere ndi lalikulupo," anatero Phwiti. "Lili ndi tizibowo tinayi."

"Nanga pakamwa?"

"Pamakwera mbali imodzi."

"Nanga mphuno?"

"Ndi mlomo wa ketulo. Ndi wopindika pang'ono."

Adadi anamupatsa pepala ndi pensulo yosongoka bwino. Anati nkhope yonse ali nayo kale m'mutu.

Phwiti anakhala pachitini cha penti. Anajambula bwalo mopepuka. Anaimirira. Anabwerera m'mbuyo masitepe atatu. Linali dzungu. Dzanja lake linafuna kukwinya pepala. Koma sanakwinye. Anafufuta mbali imodzi n'kukonza.

Anabwereranso m'mbuyo. Linali dzungu laling'onopo. Anafufutanso. Anakonzanso. Kachisanu, dzungu linayamba kuoneka ngati ketulo.

Lachitatu ataweruka anapitiriza. Anaika diso lalikulu. Anaika diso laling'ono. Anaika mphuno yopindika. Anaika pakamwa pokwera mbali imodzi. Pomaliza penipeni anakanikiza pensulo. Kenako anapaka makrayoni.

Nkhopeyo sinafanane ndendende ndi ya m'buku. Tsaya limodzi linali lotupa pang'ono. Koma anali Kachitsulo. Ngakhale Amayi anamuzindikira ali pakhomo.

Lachinayi linafika. Adadi anamuperekeza ku laibulale. Atafika pakhomo, Adadi anaima. Anati adikira panja. Phwiti analowa yekha.

Anti anali patebulo lawo. Phwiti anaika buku patebulo. Anaika khadi lake pambali pake. Anatsegula tsamba lija.

"Pepani, Anti," anatero ndi mawu otsika. "Ndang'amba Kachitsulo. Ndimatsatira mizere ndi bolopeni."

Anti anavala magalasi awo. Anayang'ana bowolo nthawi yaitali. Nkhope yawo inagwa. Anati bukuli ndi limodzi lokha, ndipo ana ambiri akulidikira. Anati buku si pokanikizira bolopeni. Phwiti anaweramitsa mutu. Manyazi anamugwira kwambiri.

Anti anatenga khadi lija. Analiika m'thumba la malaya awo. Mtima wa Phwiti unasweka.

Komabe anatulutsa chithunzi chake. Anachiika patebulo pang'onopang'ono.

"Ndajambula nkhope ina," anatero. "Sindinatsatire mizere. Ndachotsa m'mutu."

Anti anachinyamula. Anachiyandikitsa kumaso. Anachitalikitsa. Anatsegula dirowa n'kutulutsa sizasi ndi guluu. Anadula nkhopeyo mosamala. Anapaka guluu m'mbali mwake. Anaimata pabowo paja. Inakwana bwino.

Nthawi yomweyo Masaya analowa akuthamanga. Anabwera kudzatenga buku lake. Anaona tsambalo n'kuima chilili.

"Uyu si Kachitsulo wa m'buku," anatero.

Phwiti anamuuza zonse. Anapepesa kwa iyenso. Masaya anatupitsa masaya ake. Anali atakwiya. Milungu iwiri si masewera.

Anakoka bukulo n'kutembenuza tsamba. Kuseri kwake kunali chithunzi cha thambo. Pakati pa thambolo panali chigamba choyera mbee. Kunali kumbuyo kwa pepala la Phwiti.

"Taonani," anatero Masaya. "Wawononganso thambo."

Anti anavomera kuti ndi zoona. Anati thambolo likufunanso wolikonza. Anaika pensulo patebulo pakati pa atsikana awiriwo.

Masaya anayang'ana pensuloyo. Anayang'ana chigambacho. Anati iye amatha kujambula mbalame. Koma ankaopa kulakwitsa m'buku lenileni.

"Yamba mopepuka," anatero Phwiti. "Ukalakwa ufufuta. Ngakhale Adadi amafufuta."

Masaya anayamba mopepuka. Anabwerera m'mbuyo masitepe atatu. Phwiti anamugwirira buku. Mbalameyo inali ndi phiko limodzi lalifupi. Masaya anafufuta n'kukonza. Kenako inauluka bwino pakati pa thambo. Masaya anayesa kupitiriza kukwiya. Zinamukanika, ndipo anaseka.

Ana ena anabwera kudzaona. Anatembenuza tsamba uku ndi uku. Uku Kachitsulo, uku mbalame. Uku Kachitsulo, uku mbalame. Kamwana kena kanafunsa amene wajambula nkhopeyo. Anti anauza Phwiti kuti alembe dzina lake pansi pa tsamba.

"Aliyense adziwa kuti ndinang'amba ndine," anatero Phwiti.

"Inde, adziwa," anayankha Anti. "Adziwanso amene anakonza."

Phwiti analemba dzina lake ndi zilembo zing'onozing'ono. Masaya analemba lake kuseri. Kenako Masaya anafungatira bukulo, chifukwa tsopano inali nthawi yake.

Phwiti anatsanzika. Anayamba kupita kukhomo pang'onopang'ono. M'manja mwake munalibe buku. Munalibenso khadi.

"Phwiti," anaitana Anti.

Phwiti anatembenuka. Anti anapisa m'thumba la malaya awo.

"Lamulo langa ndi la owononga n'kuthawa," anatero. "Iwe wabwera wekha. Tenga khadi lako."

Phwiti analandira ndi manja awiri. Anathokoza kawiri. Mtima wake unakhala pansi.

Panja Adadi anali akudikirabe. Anamuyang'ana ndi maso ofunsa. Phwiti anangokweza khadi lake m'mwamba.

Adadi anamunyamula n'kumukhazika pamapewa. Penti ya pamalaya awo inapaka siketi yake. Phwiti sanadandaule. Anagwira khadi lake mwamphamvu njira yonse, mpaka kukawaonetsa Amayi.