Katepi pa Mkono wa Bwana

Lachinayi limenelo ndinali pa ntchito ya usiku, ndekhandekha, tiyi atazizira m'kapu. Panali patatha mwezi chiikireni maliro a a Tepi.

A Tepi anali injiniya wamkulu wa makompyuta pakampani pathu. Maseva onse, makina aja osunga mafayilo, anawaimika ndi iwowo. Dzinali tinawapatsa chifukwa waya aliyense ankamumata katepi, n'kulembapo ndi cholembera chobiriwira komwe akuchokera ndi komwe akupita. Pa waya wamkulu wa magetsi analembapo kuti "Musazule."

Ndiye bwana wathu, mbuli yovala tayi, anazula kuti atchaje foni. Ntchito ya sabata yathunthu inatayika. Bwanayo anafufuta kaundula wa pachitseko cha chipinda cha maseva, wosonyeza amene walowa, nauza akuluakulu kuti a Tepi akalamba, manja ayamba kunjenjemera. A Tepiwo anawachotsa ntchito ngati mbava, munthu wa zaka khumi ndi zisanu pantchito. Sanathe miyezi iwiri, anamwalira. Ine ndinaona zonsezi koma ndinatseka pakamwa poopa kuchotsedwa, ndipo zimandiwawa mpaka lero.

Cha m'ma thu koloko, pakompyuta panga panabwera uthenga. Chipinda cha maseva chatsegulidwa. Khadi lotsegulira linali la a Tepi. Khadi limenelo ndinalitseka ndi manja angawa.

Ndinapita. Pakhonde panali zii. Chitseko chinali chokhoma, ndipo khadi langa chinalikana katatu. Mkatimo mafani ankalira monga mwa masiku onse. Kenako ndinamva tepi ikumatulidwa. Kwee. Kwee. Ndiye kachifuwa ka a Tepi kaja, kouma, kotsokomola kawiri.

"Madala?" ndinaitana.

Tepi inasiya kulira.

Ndinabwerera chambuyo n'kukadzikhomera mu ofesi. Pakompyuta mizere inkatsika yokha. Kaundula wofufutidwa uja ankabwerera, mzere ndi mzere, n'kumapita kwa akuluakulu onse. Ndikanatha kuimitsa ndi batani limodzi. Ndinapinda manja.

Kutacha ndinaitana mlonda. Chitseko cha chipinda cha maseva sichinavute n'komwe. Mkatimo bwana anali khale pansi, atavala zogonera, opanda nsapato, mano akugundana ndi kuzizira, tchaja ili m'manja. Galimoto yake panja panalibe. Mlonda analumbira kuti pageti sipanadutse munthu.

"Ndafika bwanji kuno?" bwana anafunsa.

"Funsani mkono wanuwo, bwana," ndinayankha.

Pamkonopo panali katepi, inki yobiriwira isanaume: "Wozula ndi uyu."

Akuluakulu anamuchotsa ntchito bwanayo sabata yomweyo, ndipo chisoni ndinalibe ngakhale pang'ono. Kuntchito amanong'onezana kuti a Tepi anasiya pulogalamu yobisika m'maseva. Kaya. Pulogalamu simata tepi.

Chimene sindinawauze n'chakuti m'mawa womwewo, ndikuvula jekete kunyumba, mayi a kunyumba anandigwira paphewa.

"Bambo a mwana, ichi n'chiyani?"

Anamatula katepi kumsana kwanga. Inki yomweyo, kalembedwe komweko: "Uyu anaona."