Kahedifoni ka Kumanzere

Nkhaniyi ndinaimva kwa mwini wake, mayi wosoka zovala amene tonse timangomuti Atelala. Anandiuza atakhala pa makina ake, phazi lili pa chopondera koma osaponda. Ndiinena monga anainenera. Pamene iye anakhala chete, inenso sindiwonjezerapo.

Mwamuna wake ankanyamula anthu pa njinga yamoto. Anzake a pasiteji anamupatsa dzina loti Wailesi, chifukwa khutu lake silinkakhala lopanda nyimbo. Poyamba anali ndi mahedifoni a chingwe, oyera, omata ndi selotepi pafupi ndi polowetsa mufoni. Ankawakonda kwabasi. Ankati ndi amenewo, oimba besi m'kwaya amamveka ngati aima kumbuyo kwako. Koma tsiku lina chingwe chinakola pa handulo, foni n'kugwera pamsewu, iyenso pang'onong'ono kuitsatira. Posakhalitsa anabwera ndi kabokosi kakuda, mkati muli timahedifoni tiwiri topanda chingwe.

"Mawu ake ndi opyapyala," anadandaula atatiyesa. "Ngati kwaya yonse aitsekera m'chitini."

"Ndiye mwaguliranji?"

"Kuti ndidzafe ndi ukalamba, mayi, osati ndi chingwe."

Pamsewu ankavala kamodzi kokha, ka kumanja. Khutu linalo ankati ndi la magalimoto. Ka kumanzere kankatsala kunyumba, pamwamba pa makina osokera, kakuphethira kuwala kwa buluu. Ndipo apa m'pamene anatulukira chinthu chimene chinkawaseketsa. Wailesi akangofika pageti, foni ili m'thumba, kahedifoni ka pamakina kankalira kamodzi, tii, kuwala kuja n'kusiya kuphethira. Kankaidziwa foni yake. Mayiyo akamva tii, ankadzuka, kutsegula chitseko, kuteleka madzi osamba.

"Ena amaweta galu," Wailesi ankatero akuvula nsapato. "Ife tikuweta kahedifoni. Sikadya, sikaluma alendo."

Madzulo a tsiku limene Wailesi anasowa anali ngati madzulo ena onse, kungoti mvula inali itagwa kuyambira masana. Mayiyo ankapinda masiketi a ana asukulu. Kutada, mwamuna wake anamutumizira uthenga wa mawu: wapeza munthu wopita kutsidya kwa mtsinje, akamusiya ameneyo abwera. "Ndikubwera, musatseke," anamaliza choncho.

Sanatseke. Anasoka mpaka maso kuwawa. Kahedifoni kanangophethira, kuphethira, mpaka tambala kulira.

Njinga anaipeza m'mawa pafupi ndi mlatho, itagona cham'mbali, kiyi ali pomwepo. Mtsinje unali utadzaza mpaka m'khosi. Mwini wake sanamupeze. Foni sanaipeze. Mayiyo anapita kupolisi, m'zipatala, ngakhale kuchipinda chozizira kumene amakuvundukulira nkhope za anthu a eni ake. Kulibe. Abale anasonkhana, anakhala pabwalo osadziwa ngati alire kapena adikire, kenako mmodzimmodzi anabwerera kwawo. Amene anatsala ndi mkulu wake wa mayiyo, amene anabwera ndi chikwama n'kunena kuti sachoka mpaka mng'ono wake ayambenso kudya ngati munthu.

Usiku mayiyo ankatenga mahedifoni akale aja a chingwe, kulowetsa mufoni yake, n'kumvera uthenga womaliza. Wailesi ankanena zoona. Ndi chingwe zonse zinkamveka: madontho a mvula akumenya chipewa chake cholimba, injini ikung'ung'udza, ngakhale pamene anameza malovu asananene kuti musatseke. Ndipo kahedifoni ka kumanzere sanasiye kukatchaja. Madzulo aliwonse ankakaika pamakina.

"Ukudzizunza wekha, mng'ono wanga," mkulu wake ankatero. "Kaike m'sutikesi."

"Sikakusowetsani tulo, akulu."

Mvula inatha. Udzu unayamba kuuma. Usiku wina magetsi atazima, mkulu wake atagona, mayiyo ankasokerera mabatani pa kuwala kwa kandulo.

Tii.

Miyendo inadzuka yokha, mutu usanaganize. Anapezeka ali pachitseko, dzanja lili pa loko. Apo m'pamene anacheuka. Kuwala kwa buluu kunali kutaima, osaphethira.

Anabwerera. Anakatola kahedifoniko, n'kukaika m'khutu. Munali nyimbo. Kwaya ija imene mwamuna wake ankaikonda, koma yodukaduka, mawu awiri, chete, mawu atatu, chete. Ndipo inkamveka yolemera, ngati oimbawo akuimbira pansi pa madzi.

Anasuzumira pazenera. Geti linali lotseka. Msewu unali mbee ndi mwezi, wopanda munthu. Agalu a oyandikana nawo, amene amauwa ngakhale pepala louluka, anali zii. Kenako nyimbo inaduka. Kuwala kunayambanso kuphethira.

Kutacha anapita kwa wokonza mafoni wa pamsika, mnzake wa Wailesi wa kuyambira ali anyamata. Anamupeza atawerama pa tebulo lodzaza ndi mafoni otsegula mimba. Anamufotokozera zonse. Bamboyo anaika pansi kachitsulo kake komasulira mafoni.

"Alamu, timeneti sitimva kutali. Kuchokera pano kukafika pa mtengo uwo, basi."

"Ndiye kuti anali pageti."

"Foni inali pageti. Sindinanene kuti anaigwira ndani."

"Mukuti wakuba?"

Anapukusa mutu pang'onopang'ono. "Wakuba amaipukuta foni tsiku lomwelo. Ikapukutidwa imaiwala zonse, kahedifoni kanu sikangaidziwenso. Ndipo ngati inalowa m'madzi, inafa kalekale."

"Nanga n'chiyani, alamu?"

Bamboyo anakatembenuza kahedifoniko m'manja. "Chimene ndikudziwa ine ndi ichi. Mawu akamadukaduka, foni ili patali, kapena pali khoma pakati. Akamamveka bwino, yayandikira. Ubwino wa a chingwe ndi umenewo. Umatsata chingwe mpaka upeze munthu. Apa palibe chotsata. Mukafuna, ndikadinikiza apa kwa kanthawi, kaiwala foni ija. Muzigona."

Mayiyo anakalanda msangamsanga, ngati mwana amene wayandikira moto.

"Kaiwale ndani?"

Sikankalira usiku uliwonse. Nthawi zina kankakhala chete mpaka mayiyo kuyamba kuganiza kuti analota. Kenako, tii. Ndipo ulendo uliwonse nyimbo inkabwera yolumikizika kuposa kale. Mawu awiri anasanduka mzere wathunthu. Mzere unasanduka ndime. Pazenera, geti lomwelo, msewu womwewo wopanda munthu.

Usiku wina mkulu wake anadzuka kukamwa madzi, ndipo anaona yekha kuwala kutaima, mng'ono wake ali chilili pakati pa chipinda, dzanja lili kukhutu. Anamugwira mkono.

"Usatsegule."

"Anati ndisatseke."

"Ngati ndi mwamuna wako, bwanji sagogoda? Manja ali nawo."

"Mwina akuchita manyazi. Wakhalitsa."

"Manyazi? Wailesi? Munthu amene ankaimba m'bafa mpaka oyandikana nafe kubwera kudzapempha kuti asinthe nyimbo?"

Mayiyo anaseka pang'ono, kuseka kuja kunathera m'misozi. Anagwada onse awiri pasimenti. Mkulu wake anapemphera nthawi yaitali, akunong'ona, ndipo nyimbo inapitirira m'khutu limodzi mpaka inaduka yokha. Kuyambira pamenepo mkuluyo ankakhoma yekha chitseko, kiyi n'kuika pansi pa pilo wake.

Usiku womaliza kunali kotentha, kopanda ndi kamphepo komwe. Tii. Mayiyo anakaika m'khutu ali pampando wa makina.

Nyimbo sinaduke ngakhale pamodzi. Inalinso yosalemera ngati kale. Inali yoyera, yodzaza. Ndipo besi, imene kahedifoni kameneka sikanayambe kaitulutsapo, inamveka pansi penipeni, yofunda, ngati woimbayo waima kumbuyo kwake.

Sanacheuke.

Nyimbo inatha. Ina sinayambe. M'malo mwake anamva madontho. Mvula ikumenya chinthu cholimba, pafupi kwambiri. Anayang'ana pazenera: nyenyezi zili mbuu, denga la malata lili chete.

"Bambo," ananong'ona. "Ndi inu?"

Madontho okha.

"Ngati muli moyo, gogodani. Kamodzi kokha. Sindikufunsani kumene munali."

Anadikira. Anamva wina akumeza malovu, monga amachitira munthu amene akufuna kunena kanthu. Koma mawu sanabwere. Chitseko sichinagogodedwe.

Analowa kuchipinda chogona. Anasolola kiyi pansi pa mutu wa mkulu wake, mkuluyo osatembenuka n'komwe. Anatsegula chitseko, n'kuchikankha chonse.

Panja panalibe munthu. Geti linali lotseka ndi unyolo wake. Fumbi la pabwalo linali losalala monga analisesera madzulo, lopanda phazi. Koma pa sitepe, pakatikati, panali kanthu kakuda. Anawerama. Kanali kahedifoni ka kumanja, konyowa, kozizira, timchenga tili m'mabowo ake.

M'khutu mwake madontho aja analeka.

Anaima pamenepo nthawi yaitali. Anaitana dzina la mwamuna wake, lenileni lija limene sankalitchula pa anthu. Agalu onse a mumsewumo anayamba kuuwa nthawi imodzi. Kenako analowa, napukuta kahedifoniko ndi kansalu, nakaika m'kabokosi pamalo pake, chifukwa ndi mmene manja a munthu wosoka alili, chinthu chilichonse chimabwerera pamalo pake. Anaikamonso kanzake. Chivundikiro chinatsekeka, thwa.

Wokonza mafoni atakatsegula ka kumanjako, anapeza mkati muli dzimbiri lobiriwira. Anati kameneka kanafa kale, kakhala m'madzi nthawi yaitali. Ka kumanzere anakayesa, anati kalibe vuto lililonse. Anamubwezera tonse tiwiri ndi manja awiri, osamuyang'ana kumaso.

Kuyambira usiku umenewo sikanalirenso.

Mumsewu mwathu anthu amanong'onezana. Ena amati pali amene akudziwa zimene zinachitika pamlatho, ndipo mtima unamuvuta mpaka anabweza chimene akanatha kubweza. Ena amati ayi, munthu sangadutse pafumbi osasiya phazi. Amati Wailesi anayenda ulendo wonsewo pang'onopang'ono, usiku ndi usiku, kudzasiya cha pakhomo pakhomo, popeza kumene ali kulibe chomvera. Mkulu wake wa mayiyo anabwerera kwawo dzinja lisanayambe, ndipo kiyi anamusiya patebulo.

Atamaliza kundiuza, dzuwa linali litalowa. Ndinamupempha kuti tipemphere. Anavomera, koma tisanatseke maso anandifunsa.

"Ndizipempha chiyani? Kuti abwere, kapena kuti agone?"

Tinangotchula dzina la mwamuna wake pamaso pa Mulungu.

Ndikutsanzika, anatsegula kabokosi kaja. Anatulutsa ka kumanzere, n'kukaika pamwamba pa makina. Kanayamba kuphethira. Potuluka ndinakoka chitseko kuti chitsekeke bwino, koma iye anayankhula ali mkati, mawu ake ali pansi.

"Ingochisiyani choncho. Musatseke."