Usamuyandikire Wositayo

Miyezi inkangopita, chibwenzi cha Mzime, mnyamata wa pakompyuta, osapondako pakhomo kukawaona amayi ake a Mzime. "Ndibwera Loweruka, wapamtima." Loweruka liti? Pakamwa pokha!

Anakumana kufakitale yosoka zovala, tsiku logawa mabaji. Mnyamatayo anamuveka yekha Mzime baji m'khosi, manja akuchedwa dala.

"Kabaji aka kamalemba amene waima naye pafupi," anatero. "Mabwana akufuna adziwe pamene anthu amathinana. Mukatalikirana, pakompyuta panga pamabwera wani. Mukaima ngati ocheza, thuu. Mukagundana mapewa, fili. Koma fili wakoyo akhale wa ine ndekha, duwa langa."

Mzime anaseka, mtima uli phaphapha. Mwana wopusa!

Chikondi chitangopsa, mameseji anasintha.

"Duwa langa, lero wapanga fili ndi mtsikana wosita zovala uja. Mabwana akuti amaba nsalu, ndipo onse omuyandikira awachotsa ntchito. Ndafufuta, koma usamuyandikirenso."

Mawa lake uthenga wina: "Mtsikana wamabatani ujanso muthawe. Ndikukuteteza chifukwa ndimakukonda."

Mzime anagwidwa mantha. Ntchito ikatha, kunyumba adya chiyani? Nanga akamutchula wakuba? Anayamba kuyenda mokhula khoma. Masana ankadyera yekha kuseri kwa makatoni. Munthu akangoti amudutse, iye mpweya gwa, dzanja pa kabaji.

Tsiku lina mlongo wake anakhala naye pampando umodzi kunyumba. Mzime anadzambatuka mpaka kugwetsa kapu.

"Iwe!" anakalipa amayi ake. "Mlongo wakoyu wamera minga? Yankhula, ndilibe nthawi ine!"

Mzime anaulula zonse. Mayiwo anangofwenthera.

Mawa lake poweruka kunagwa mvula. Mzime anawapeza amayi ake atakhala pabenchi ya pasiteji ya basi, pafupi ndi geti. Wosita uja anali ataima pamvula kumanja. Wamabatani anali pamvula kumanzere. Benchi yonse mbee!

"Ana inu, mwapenga? Bwerani kuno!"

"Amayi, chonde, mabajiwa!" analira Mzime. "Andichotsa!"

"Akuchotse ndikuona. Khala pansi!"

Anakoka wosita pamkono, wamabatani pamalaya, n'kuwapanikiza onse atatu pabenchi, mapewa gundane. Mzime anatseka maso. Ankamva wosita uja akunjenjemera kuposa iye. Wakuba amanjenjemera chonchi?

Foni ya Mzime inalira. Kenako ya wosita. Kenako ya wamabatani.

"Werengani mokweza," anatero mayiwo. "Yamba iwe wamalaya onyowawe."

Wosita anawerenga ndi mawu osweka. "Duwa langa, choka pamenepo msanga. Awiriwo ndi akuba."

Wamabatani sanawerenge. Anangotembenuza foni yake kuti onse aone. Mawu omwewo, ngakhale duwa lomwelo!

Mzime anamva ngati pansi pang'ambika. Ndiye miyezi yonseyi ankathawa chiyani? Anthu amene akanamuuza zoona?

Foni yake inayamba kuitana. Amayi ake anaitsomphola.

"Wapamtima, ndifotokoza," anatero mnyamatayo mopupuluma. "Loweruka lino ndibwera kwanu, ndikulumbira!"

"Ndine mayi ake. Loweruka limenelo khala nalo, pakhomo panga usadzapondepo. Ndipo yang'anitsitsa pakompyuta pakopo, bambo. Pano sasunthapo aliyense."

Anadula. Basi inafika n'kunyamuka, palibe anaimirira. Mzime anatsamira paphewa la wosita uja, nayamba kulira mokweza.