Miyala Yotembenuka ya pa Nyika

Ine Greyson si munthu wa nthabwala zamizimu. Ndalondera nyama ku Nyika mpaka imvi, ndipo usiku ndimagona tulo. Koma izi zinachitika masanasana, ndipo a Gordon, dalaivala amene tinali naye, alipo pa Bolero. Mukawafunse.

Unali mwezi wa Juni pamene anandituma kuchoka ku geti la paki ku Thazima kuperekeza mtsikana wa ku yunivesite, dzina lake Lusungu. Ena amabwera kudzaona mbidzi ndi akambuku, iye anabwerera tinankalizi, tija tofiirira ta miyendo yambirimbiri tobisala pansi pa miyala. Ankafuna kudziwa kumene timakhala. Kumunsi kotentha sanatipeze. Pa udzu wouma wa pamtunda, ayi. Ankatipeza kokha m'mphepete mwa timankhalango ta pamwamba, pa dothi lonyowa.

Chimene chinkandiseketsa n'chakuti asananyamule mwala ankati, "Odi." Akaona zake, ankaubwezera mmene unalili n'kuthokoza m'Chitumbuka kuti, "Yewo."

"Kodi a Lusungu, digiri yake ndi yolonjera miyala?"

"Adada, ndi nyumba za eni," anatero, osaseka n'komwe.

Tsikulo galimoto tinaisiya pamsewu ndi a Gordon, ife n'kutsetsereka kukhwawa. Pobwerera kunagwa nkhungu, ija yoti ukatambasula mkono zala suziona. Mphepo inazizira koopsa. Ndipamene ndinamva chifuwa cha Lusungu chikulira ngati kamwana ka mphaka.

"Mphumu," ananong'ona. "Mankhwala opopera ali m'galimoto."

Ndinamubereka. Netiweki kunalibe. Ndinayenda, ndinayenda, n'kupezeka ndafikanso pa chitsa chimene ndinachidutsa kale. Ine mwini Nyika, ndinasochera. Ndinaopa kuti mwana wa eni andifera kumsana.

Kenako mphepo inaleka. Mbalame zinangoti zii. Kunabwera fungo la makala oyaka ndi chitsulo chotentha, ngati pa ng'anjo zakale zosungunulira chitsulo zija zili mbwee m'mapirimo. Koma ng'anjozo zinazima agogo athu asanabadwe.

Gubudu.

Patsogolo panga mwala unali utatembenuka, kunsi kwake kwakuda, konyowa. Pamalo pake panali kanankalizi. Sikanathawe kuwala monga tinzake timachitira. Kanangoima, mutu kuloza kumtunda.

"Ndani?" ndinafunsa.



Gubudu. Mwala wina, patsogolo pang'ono.

"Pano mpouma," Lusungu ananong'ona m'khutu mwanga. "Tinankalizi sitikhala pano."

"Khalani chete, sungani mpweya."

Ndinatsatira. Mwala uliwonse unali ndi kake, mutu kuloza kumodzi. Mapazi a munthu panalibe. Udzu sunagwedezeke. Manja a Lusungu anayamba kulefuka pakhosi panga. Ndinathamanga.

Gubudu. Gubudu.

Mwendo wanga unagunda tayala.

A Gordon anatulutsa mankhwala aja. Lusungu anapopera kawiri, n'kukhala kanthawi maso ali chitsinzinire, ife tikumuyang'ana. Mpweya utabwerera, mawu ake oyamba sanali othokoza ine.

"Adada, miyala mwabwezera?"

Ndikanabwezera ndi manja ati? Komabe ndinatsika, a Gordon pambuyo panga. Nkhungu inali itayamba kuyera. Tinayenda m'mene ndinadzera, ndipo miyala yonse inali itagona m'malo mwake, ndere zili pamwamba, ngati sinakhudzidwepo chilengedwere. Fungo lija linali litatha.

Unatsala umodzi wokha, wa pafupi ndi tayala, uli chagada. Kanankalizi kanali pomwepo, kakudikira.

A Gordon anavula chipewa. "Uwu akusiyirani inu," anatero chapansipansi.

Lusungu anamaliza sukulu, ndipo chaka chatha ananditumizira chithunzi cha mwana wake. Amene anatitsogolera sindiwadziwa, ndipo ndinaleka kufunsa. Chimene ndidziwa n'chakuti tsiku lija ndinagwada pa dothi lozizira, ndi yunifolomu yanga ndi mfuti yanga, ndinaugwira mwalawo ndi manja awiri n'kuubwezera pang'onopang'ono. Unali wofunda.

"Yewo chomene," ndinatero.