Mizere Inayi Yapamwamba

Ine za mizukwa sindizikhulupirira. Aphunzitsi athu a ku mishoni anazichotsa m'mitu mwathu ndi chikoti. Koma izi zinandichitikira ine ndemwe.

Kwa zaka makumi atatu ntchito yanga inali yosefa manambala. Tili ndi makina okhala pansi pa nyanja yamchere. Amatumiza phokoso kumwamba n'kuyeza kumene madzi akulowera, mzere ndi mzere, kuyambira pansi mpaka pamwamba pa madzi. Mizere inayi yapamwamba imanama, chifukwa phokoso limasokonekera likagunda mafunde. Lamulo lake n'limodzi: dula, taya.

Sabata ina boti la mkamwini wanga linasowa, injini itafa. Analimo atatu. Ofufuza anapempha manambala athu kuti adziwe kumene madzi analikokera. Ndinadula mizere inayi monga mwa nthawi zonse. Yotsalayo inaloza kummwera, ndipo anapita kummwera. Masiku anayi osapeza kanthu. Mwana wanga analeka kudya.

Madzulo a tsiku lachinayi ndinatsala ndekha muofesi, msana ukuwawa, zikope zikulemera. Ndinkadula za tsikulo. Kunamveka kugogoda. Kofooka, cha m'munsi mwa chitseko, ngati munthu wogwada.

"Tatseka," ndinatero. "Mubwere mawa eyiti koloko."

Kugogodanso. Kenako fungo la mchere ndi dizilo. Madzi anayamba kulowa pansi pa chitseko, pang'onopang'ono, mpaka anakhudza nsapato zanga.

"Apongozi." Mawu ouma, a munthu waludzu. "Mukudula pamene tili."

"Ndinu ndani?"

"Boti siliyenda pansi pa nyanja, apongozi. Ndiye mumati wosaphunzira ndine."

Ndinatsegula. M'khonde munalibe munthu. Mlonda anali pageti, akusoka nsapato yake. Anati sipanadutse aliyense.

Ndinabwerera n'kutsegula zonse zimene ndinataya masiku anayi aja. Manambala anali osokonekeradi, koma ambiri analoza kumpoto. Ndinakhala nthawi yaitali dzanja lili pa foni. Kutumiza mizere yoletsedwa, ine amene ndinachotsetsa munthu ntchito pa mlandu womwewo! Ndinaimba.

"Mukutsimikiza, achikulire?" anafunsa mkulu wa ofufuza. "Mafuta atsala a ulendo umodzi."

"Sindikutsimikiza. Pitani kumpoto."

Botilo analipeza masana a tsiku lotsatira. Awiri anali moyo. Mkamwini wanga anali atamwalira dzulo lake, dzuwa litangolowa. Anzakewo akuti asanatsirizike ankagogoda thabwa la boti ndi chala, akulankhula ngati pali wina akumuyankha.

Anthu a mumsewu mwathu amanong'ona kuti mkamwini wangayo anabwera kudzatsutsana nane komaliza. Alekeni anene. Mwana wanga sanandifunsepo chimene chinandisinthitsa maganizo, kapena chimene ndinachedwera masiku anayi. Amangondiikira madzi osamba n'kutuluka.