Bodza Lofuula la Jeroni

Jeroni akamanama ankakweza mawu. Choonadi chokha ndicho ankanena monong'ona.

Ursola anazindikira zimenezi tsiku loyamba lomwe, pamsika wa ku Gandia pomwe ankagulitsa nyama ya bambo ake.

"Chemwali, ndipatseni ya nkhumba, yonona!" anafuula Jeroni, mnyamata woyendetsa abulu, maso ali kwa anthu. Koma anainyamula ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa.

Ursola anaseka chamumtima. Mmorisko ameneyu! Agogo ake anali Asilamu obatizidwa mokakamiza, ndipo akazitape a tchalitchi ankasuzumira m'miphika ya anthu oterewa.

Sabata yotsatira anamukulungira ya mbuzi.

"Nkhumba yanu iyi, achimwene!" anatero mokweza. Kenako motsitsa: "Galu wanu wanenepa mokwanira."

Jeroni anamuyang'anitsitsa. "Mundiphetsa inu," ananong'ona, akumwetulira.

Chinayambira pomwepo. Ankakumana m'munda wa malalanje, kuseri kwa ngalande.

"Lamulungu uli pa Misa, Lachisanu wasamba wavala zoyera," Ursola anamunyogodola tsiku lina. "Kodi ndiwe wa ndani?"

"Ndingadziwe bwanji, duwa langa? Kutchalitchi timati Maria, kunyumba amayi amati Mariamu. Mayi ndi mmodzi yemweyo. Ndamupempha m'zilankhulo zonse ziwiri kuti andipatse iwe."

"Wayankha m'chilankhulo chiti?"

"M'maso mwakomo." Anamugwira dzanja. "Mtima wanga uli kwa iwe mpaka imfa, Ursola wanga."

Ananena motsitsa kwambiri, moti mtsikanayo anachita kusendeza khutu.

Kenako ng'oma ya wolengeza inalira. Mfumu yalamula kuti Amorisko onse akakwere zombo kudoko la Denia, awolokere tsidya lina la nyanja! Ngakhale ukwati ndi mkazi wachikhristu sukanamupulumutsa mwamuna wachimorisko. Anthu anayambanso kumuloza Ursola kuti wasanduka Msilamu, ndipo aliyense ankadziwa kumene mlandu wotere umathera: kuotchedwa pamoto.

Jeroni anabwera msika utadzaza.

"Iwe unali ngati nkhumba ija!" anakuwa. "Ndinkakufuna kuti anthu aone basi! Ine kukonda wodya nkhumba? Sindinakukondepo!"

Anthu anaseka. Jeroni anatembenuka n'kuchoka osacheuka.

Mayo! Kodi malalanje aja anali bodza? Nanga Mariamu uja? Ursola anadula nyama tsiku lonse, misozi ikudonthera pathabwa.

Atamva kuti Amorisko anyamuka, Mayi Barbera ogulitsa azitona anasendera pafupi.

"Pukuta misozi, mwana iwe, wapulumuka. Kazitape wa tchalitchi amene ankakulondola anaima pomwepo, anamva zonse, basi wakusiya. Ndiye kufuula kwake mnyamata uja! Ndi agonthi omwe anamva."

Mpeni unaima m'malere.

Kufuula!

"Chitsiru," anatero Ursola, akuseka ndi misozi. "Chitsiru changa!"

Kunyumba anayala nsalu pansi. Anaikapo zovala, korona wa malemu mayi ake, kachithunzi ka Maria ndi nyama youma ya mbuzi. Anamanga mfundo zolimba.

Bambo ake anaima pakhomo.

"Amene uja anakunyoza pagulu! Ukudziwa kuti okwera zombo zimenezo sabwerera?"

"Ndikudziwa, bambo."

"Ndiye ukukatani ku Denia?"

Ursola anawapsompsona dzanja, nasenza katundu wake.

"Akandibwerezere mawu aja monong'ona. Tione ngati angathe."