Sikelo Yagalasi ya Levi

Pilira anakumana ndi Levi pamzere wa matakisi opita ku Soshanguve, tsiku limene keke yachitatu inamukanika. Anali atangoyamba ntchito yapanyumba ku Brooklyn, dera la mabwana mumzinda womwewo wa m'dziko la eni, ndipo adona ake sankafuna kumva zoyeza ndi kapu kapena ndi maso. Chilichonse pa sikelo, m'magalamu! Mtsikana wa ku Balaka, katswiri wa mandasi chiyambire ali wamng'ono, lero n'kugonjera kachipangizo ka mabatani awiri.

Ankadandaulira mnzake pa foni pamene mnyamata wa kumbuyo kwake anaseka.

"Pepani achemwali, ndamva Chichewa ndiye makutu andiyabwa. Mukaika mbale pa sikelopo, mumadina ziro?"

"Ziro wake uti, achimwene?"

"Eish! Ndiye kuti mukuyeza fulawa pamodzi ndi mbale. Fulawa akumachepa, keke n'kutuluka phala."

Anati dzina lake ndi Levi, kwawo ku Ntcheu, ndipo amagwira ntchito yophika buledi ku Silverton. Pofika ku Soshanguve anali atapatsana manambala. Ati n'cholinga choti azithandizana za keke. Za keke zokha? Tisanamizanepo apa!

Lolemba keke inafufuma bwinobwino, adona mpaka kuomba m'manja. Kuyambira tsiku limenelo, Pilira akafunsa muyezo wa chilichonse, Levi ankayeza pa sikelo yake yagalasi lakuda kunyumba, n'kutumiza chithunzi. Pansi pa chithunzicho pankabwera timawu tozuna.

"Batala magalamu 125, shuga 200. Koma chikondi changa pa iwe, dalo, ndikachiika apa sikelo isweka."

"Bodza limenelo!" ankayankha Pilira, uku akumwetulira yekha m'khitchini ya eni.

"Khirisimasi ikubwerayi ndikutumiza amalume ku Balaka. Ndalumbira, mtima wanga."

Mawu amenewo anawawerenga mpaka kuwaloweza. Vuto linali kuonana. Pilira ankagona kuntchito sabata yonse, ndipo Levi ankamuona Loweruka lokha, m'takisi, atapanikizana pampando wakumbuyo. Ola limodzi basi! Akatsika, Levi ankamuperekeza pa geti la azakhali a mtsikanayo n'kubwerera.

"Kwanu ndidzakuona liti?"

"Kachipinda kanga n'kabokosi ka machesi, bebi. Ndipeze kaye malo oyenera mfumukazi."

Pilira ankamusowa. Ankamusowa akusefa fulawa, ankamusowa akudikira uvuni. Foni inkakhala m'thumba la epuloni, ndipo ikangonjenjemera mtima unkadumpha. Masiku asanu ndi limodzi kudikira ola limodzi, chikondi chimenechi si chilango kodi? Koma ankadzitonthoza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Disembala sanali patali.

Lachinayi lina m'mawa adona anafuna mabanzi a alendo. Pilira anafunsa muyezo wa yisiti, ndipo chithunzi chinafika msanga, popeza Levi ankalowa ntchito masana. Koma nambala yake sinkaoneka bwino. Ndi 1 kapena 7? Anakulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri.

Inali 7. Koma maso ake sanachokepo.

Dzanja lamanzere la Levi linagwira kapu. Lamanja linagwira supuni. Nanga foni anagwira ndani?

Anakulitsanso. M'galasi lakuda la sikelomo munkaoneka nkhope ya mayi wovala duku, atatsamira paphewa la Levi, foni ili m'manja, akumwetulira.

Pilira anabwerera m'zithunzi zakale. Cha batala, manja awiri. Cha shuga, manja awiri. Miyezi inayi yathunthu ankangoyang'ana manambala ndi timawu tapansi!

Anaimba.

"Dalo, wachiona?" Levi analankhula motsitsa mawu.

"Levi, wakujambula ndani?"

Levi anangotsokomola.

"Ndikufunsatu. Umati umakhala wekha."

"Pilira, tidzakambirana Loweruka. Nkhani yake ndi yaitali..."

Kenako kunamveka mawu a mzimayi chapafupi, mawu ansangala, opanda chinyengo chilichonse.

"Bambo a Bright, ndi mchemwali wanu wa ku Brooklyn uja? Tandipatsani ndimulonjere!"

Kunamveka kulimbirana foni pang'ono, mayiyo akuseka.

"Alamu! Muli bwanji? Miyezi yonseyi osabwera kudzationa, talakwanji? Achimwene anuwa amangoti adona anu ndi ovuta. Zithunzi zija zimafika bwino? Ndimajambula ndinetu, ndimayesetsa kuti manambala azioneka, ntchito ingakuthereni."

Misozi ya Pilira inagwera m'mbale ya fulawa. Akanamuuza chiyani mayi wosalakwayu, amene kwa miyezi inayi anamugwirira foni mwamuna wake kuti afunsire mkazi wina?

"Halo? Alamu, mukundimva?"

"Ndikukumvani, mayi," anatero Pilira. "Zikomo pondithandiza. Koma kwathu ine ndinabadwa ndekha, ndilibe mchimwene."